Usipa wa ku Alaska

Pa siteshoni ya South Bend, podikira sitima ya ku Chicago, namwino wina woweruka ku shifiti anamva mayi achikulire akung'ung'udza nyimbo ya kwathu. Anawasendera, natsegula kajumbo ka mandasi.

"Tengani, mayi. Ulendo wa kuti?"

"Zikomo mwanangu, koma ayi. Ndikupita ku Alaska, kwa mwana wanga Lyson. Amafufuza golide kutchire, papita zaka osamuona."

"Msewu ulipo kumeneko?"

"Kulibe. Komalizira umakwera kandege kotchipa ka anthu a kumigodi. Akuti amakukweza pasikelo pamodzi ndi katundu wako. Ukapyola muyeso, katunduyo amatsala."

"Nanga m'chikwamamu mwanyamula chiyani?"

"Usipa wa ku Karonga, ananditumizira achemwali. Pafoni Lyson amangoti wausowa."

"N'chifukwa chake mukukana mandasi?"

"Chibukireni tikiti, chamadzulo sindidya. Siketi iyi ndachita kumanga ndi pini."

"Iii, mayi! Lysonyo akakuonani chonchi, usipawo ukamutsika pakhosi? Akudikira amayi ake, usipa ukungoperekeza."

"Hmm. Kodi limodzi limalemera bwanji?"

"Silifika n'komwe tiusipa tiwiri."

"Bodza limenelo, mwanangu. Koma patseni."