Zitini Ziwiri pa Tebulo la Malemu Errol Radke

Abusa, akulu a mpingo, anansi a kuno ku Monto ndi a ku Biloela, komanso inu abale athu a ku kalabu ya owombera mfuti, ndikukupatsani moni m'dzina la Ambuye. Tikuyamika Mulungu kuti wakufikitsani bwino. Ine ndine Neville Tiedemann, mlamu wa malemu, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndikupempha kuti pasapezeke wotuluka ndisanamalize, chifukwa m'mbiri muno muli nkhani yokhudza manja anu ndi maso anu lero lomwe.

Malemu Bambo Errol Radke anabadwa pa 9 Malichi 1947 kuno ku Monto, m'banja la alimi a ng'ombe zamkaka, ndipo anabatizidwa m'tchalitchi momwe muno. Sukulu anaiyamba mu 1953, koma anailekeza mu 1961 bambo awo atadwala msana, pakuti ng'ombe zinasowa wozikama.

Mu 1965 anapita kumpoto, ku mafamu aakulu a kufupi ndi Normanton, kukagwira ntchito yogwira nkhunzi zolowerera kutchire. Anthu a ntchito imeneyi ankayenda ndi mfuti ya volovolo m'chiuno. M'chilimwe cha 1969 nkhunzi ina inagwetsa pa hatchi mnzawo wapamtima, Bambo Col Brumpton, amene akhala kutsogolo kunowa. Malemu anaiwombera ndi zipolopolo zogula m'sitolo, koma nyamayo inangopukusa mutu n'kupitiriza, ndipo inagwa itathyola kale mwendo wa a Col. Kuyambira tsiku limenelo malemu anatsimikiza mtima kuti zipolopolo azidzipangira okha, zamphamvu zokwanira kuimitsa chilombo.

Anagula sikelo ndi makina ang'onoang'ono opanira, n'kuyamba kutola timakoko ta mkuwa ta zipolopolo zowomberedwa kale, kuthiramo wonga woyeza bwino ndi kutsekapo mutu watsopano. Anaphunzira kuti wonga uli pawiri. Wina umayaka mofulumira kwambiri, ndipo umathiridwa pang'ono chabe. Wina umayaka modekha, ndipo ndi umene umathiridwa wambiri pofuna chipolopolo champhamvu. Munthu akasokoneza n'kuthira wofulumira uja pa muyeso wa wodekha, mfuti imaphulikira m'manja. N'chifukwa chake malemu anali ndi lamulo limodzi limene sankalola kuti likambiranidwe: pa tebulo lantchito pazikhala chitini chimodzi chokha cha wonga, china chikhale chotsekeredwa m'kabati.

Pa 14 Okutobala 1972 anakwatira mlongo wanga, Mayi Glenys, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Narelle ndi Darcy. Mu 1984 banja linasamukira ku Biloela, kumene malemu ankakonza mathirakitala pa minda ya thonje mpaka anapuma ntchito mu 2012. Anali mkulu wa mpingo komanso woimba mawu aakulu mu kwaya. Loweruka lililonse ankapita ku kalabu kukagwetsa nkhosa zachitsulo zoimikidwa patali, zimene sizigwa ndi chipolopolo chofooka. Inu a ku kalabu mumadziwa mwambo wanu woti munthu sawombera zipolopolo zopanga mnzake. Koma za a Errol munkaziwombera nonse osafunsa, chifukwa pa zaka zonsezi palibe chimene chinakulakwiranipo. Iwo akaona mnyamata akuthira wonga mothamanga ankamuuza kuti, "Iwe, zala zimenezo unabwereka kwa Mulungu. Udzabweze zonse khumi."

Mu 2019 anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo maso anayamba kuchita mdima. Sanadandaule, koma anasiya kuwerenga mawu a Mulungu m'tchalitchi, n'kumangoimba nyimbo zimene ankazidziwa pamtima. Chaka chino, Pasaka atayandikira, impso zitayamba kufooka, anadzitsekera mu shedi yawo yogwiriramo ntchito kwa masiku angapo. Anatulukamo ndi timabokosi ta zipolopolo tomanga ndi ulusi wofiira, n'kugawira mwana wawo Darcy, Bambo Col ndi anzawo ena a ku kalabu. Inali mphatso yotsanzikana. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Julaye, ndipo Ambuye anawaitana Lolemba pa 15 Julaye 2024, Mayi Glenys atawagwira dzanja.

Tsopano ndafika pa nkhani imene ndakupemphani kuti muidikire. Tikudziwa kuti tikachoka kumanda, a ku kalabu mwakonza zopita kumalo anu owomberako kuti mukatsanzike malemu powombera zipolopolo za m'timabokosi tija. Ndi ulemu waukulu, ndipo banja likuthokoza. Koma Lachiwiri m'mawa Mayi Glenys analowa mu shedi kukatenga chipewa chimene chili pamwamba pa bokosi la maliroli. Pa tebulo anapezapo zitini ziwiri za wonga, zonse zotsegula, zofanana kukula, china cha wofulumira, china cha wodekha. Mayiwa sanagwirepo mfuti chibadwire, koma lamulo lija analimva kwa zaka zonse za ukwati wawo. Anakhala pansi pomwepo.

Palibe akudziwa chimene chili m'zipolopolo zimenezo. Mwina zonse n'zabwino. Mwina chimodzi chokha n'choipa, ndipo kunja kwake sichisiyana ndi zinzake. Darcy atauzidwa anapsa mtima, nati tikunyoza bambo ake asanaikidwe n'komwe. Anakhala masiku awiri osalankhula ndi mayi ake. Koma lero m'mawa wabweretsa kabokosi kake, ulusi uli chimangire, n'kukaika m'manja mwawo. Mwana wanga Darcy, Mulungu waona zimene wachita.

Bambo Col nawo tinawaimbira foni. Anandiyankha kuti, "Neville, iwe umadziwa za nyimbo basi. Errol sanalakwitsepo muyeso, ngakhale ataledzera ndi tulo." Bambo Col, akulu anga, sindikutsutsa chikondi chanu. Mwendo umene mukutsimphinawo ndi umene unayambitsa ntchito yonseyi. Munthu amene anathera moyo wake kuonetsetsa kuti mnzake asadzavulalenso, kodi tim'tsanzike ndi dzanja lanu lothyoka? Amene analephera si Errol ayi, ndi maso. Ndipo Errol wa maso akuthwa uja akanalowa mu shedi n'kuona zitini ziwiri, akanaphwasula zipolopolo zonse osafunsa kuti wapanga ndani. Ndikuona thumba la jekete lanu latupa. Pakhomo pa tchalitchi pali bokosi lachitsulo loti nonse muikemo zipolopolo zija, ndipo Mayi Glenys akaimirira pomwepo potuluka. Akudziwa nkhope ya aliyense amene analandira. Wapampando wa kalabu akaziphwasula zonse n'kukubwezerani timakoko take kuti musunge. Ngati mukufuna phokoso lowatsanzika, tiimbe nyimbo yomaliza mpaka malata agwedezeke.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Glenys, ana awiri, zidzukulu zisanu, mchemwali wawo Mayi Lorna, ndi mnzawo Bambo Col, amene banja limawawerenga ngati mbale. Tikufuna kuti dzuwa likamalowa lero, onsewa akhale amphumphu monga alili pano. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a mpingo amene aphika kuyambira Lachiwiri, ndi anansi amene akhala akutchetcha udzu pakhomo nthawi yonse ya matenda.

Bambo Errol akulowa m'manda ndi zala zawo zonse khumi, monga ankanenera. Mzimu wawo uuse mu mtendere wa Mpulumutsi amene anamuimbira. Ndipo inu nonse, Ambuye akusungeni pa njira, akufewetseni mitima pakhomo paja, ndipo asunge manja anu kufikira tsiku limene mudzawabweze kwa Mwini wake. Ameni.