Ubatizo wa mwana wanga wamasiye

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndine mayi wa ku Mitundu, koma ndinakwatiwa ku Nathenje. Amuna anga anamwalira pa ngozi ya minibasi ine ndili woyembekezera.

Tsiku la ubatizo wa mwanayo, ndinalowa m'tchalitchi mtima uli m'mwamba. Azimayi anzanga onse anali ndi amuna awo pambali. Achibale a malemu sanabwere, mayi anganso anali akudwala kumudzi. Ndinanyamuka kuti ndizemberepo, koma mayi wina wachikulire wa chigwirizano anandigwira chitenje.

"Mwana wanga, mukupita kuti?"

"Amayi, kutsogoloko ndikaima ndi ndani?"

"Pitani mukaone," anatero.

Ndinapita kutsogoloko mwana ali m'manja. Mafunso a makolo ndinayankha ndekha. Kenako abusa anatembenukira kumpingo nati, "Mwanayu lero akulowa m'banja la Khristu, ndipo banjalo ndi inu. Amene mukulonjeza kuthandiza mayiwa kumulera, imirirani."

Ndinamva mabenchi akugwedezeka. Nditacheuka, mpingo wonse unali chilili, ngakhale agogo oyendera ndodo. Madzi atakhudza pamphumi pa mwana ndinalira, koma kumtima kunali kutapepuka.

Lonjezolo silinathere m'tchalitchi. Mwanayo atadwala malungo, mkulu wa mpingo ndi amene anatithamangitsira kuchipatala pa njinga yamoto, amayi a chigwirizano aja n'kumatidikirira kuwodi mpaka anachira.

Choncho inu amene mumaimirira pa ubatizo, musamangoimirira mwamwambo. Kutsogoloko kumakhala wina amene alibe pena podalira.