Nsungwi za Mlamu Wanga Zinafumbwa

Moni abale anga mwa Ambuye. Ndine uja wogulitsa makatani a kaunjika ku Kawale, amene mukanenerera mtengo amayamba walira kaye ngati pamaliro. Umboni wanga ndi wa kuberedwa nzeru, ndipo ndiulule, mtima sunaphwebe.

Mayi Nabanda ankatsegula malo odyera ku Area 47, ndiye anandifunsa ngati ndingakongoletse mkati mwake. Ntchito imeneyo ikanandichotsa padzuwa la pamsika. Ndinavutika mlungu wathunthu mpaka ndinaona tsamba la dzungu kuseri kwa nyumba, mitsempha yake itatambasuka ngati zala. Ndinati denga likhale chonchi: nsungwi zopinda zikhale mitsempha, nsalu zoyera zilendewere pakati ngati chitenje choponya paphewa. Ndinajambula m'kope.

Ndiye ine chitsiru, amene wogulitsa mabelo sanandipusitsepo, ndinaonetsa kopelo mlamu wanga Yohane. Iye anati, "Alamu, mutu uwu ndi wa ku yunivesite!" Ine mano pamtunda, iye akujambula pafoni. Patatha masiku atatu ntchito inali yake, pamtengo wotsika, ndi tsamba langa lomwelo.

Abale, ndinapsa mtima. Munthu wodya kwanga Lamulungu lililonse! Ndinkapemphera mapemphero oti abusa akanawamva akanandiimitsa mgonero. Ndinkati, "Ambuye, mwaona nokha, musanamizire kutanganidwa."

Koma panali chinthu chimene sindinalembe m'kopemo. Nsungwi umadula yokhwima n'kuiviika m'madzi milungu ingapo, apo ayi imafumbwa. Yohane anagula zaziwisi pamsewu n'kukhoma tsiku lomwelo. Pasanathe miyezi iwiri, ufa wa nsungwi unayamba kugwera m'mbale za makasitomala, nsalu n'kulendewera mbali imodzi ngati thewera lonyowa.

Mayi Nabanda anandipeza pabenchi langa. "Abambo, mlamu wanu waulula kuti nzeru zija n'zanu. Mungandikonzere?" Ndinayang'ana kumwamba, n'kutchula mtengo. Chibadwire, aka kanali koyamba kuona munthu osanenerera.

Denga lija ndinalikonza ndi nsungwi zoviika, ndipo lilipo lero, mphepo ikalowa nsalu zimavina pang'onopang'ono, ndipo anthu atatu andiitana kale kunyumba zawo. Ndikuthokoza Mulungu amene amayankha ngakhale pemphero lamwano. Inu amene mwalandidwa chanu, musafooke: wakuba amatenga chithunzi, koma manja amatsala anu.

Yohane amabwerabe Lamulungu kudzadya. Mundipempherere abale, chifukwa mpaka pano nkhuku ikaphikidwa ndimamugawira zipalapasiro zokha.