Nsomba ya ku Tete idawatsegula pakamwa amuna anga

Moni nonse amene mwatchera khutu. Ndine mayi wa ku Ulongwe, ndipo nkhani yanga ndi ya nsomba.

Amuna anga adadwala n'kufa mbali imodzi ya thupi, mawunso n'kutha. Miyezi isanu adangokhala pampando osayankhula. Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Tete adawabweretsera tanke yagalasi, m'kati muli nsomba yofiira kumimba, yotalika ngati phazi la munthu wamkulu. Ine ndidanyinyirika kuti nsomba yosadyedwa ndi yachiyani pakhomo. Koma iwo ankaiyang'ana tsiku lonse, n'kumaiponyera chakudya ndi dzanja lamoyolo.

Nsombayi ndi ya kumalo otentha, ndiye imadalira kachipangizo kamagetsi kotenthetsa madzi. M'mwezi wa Junyu, kuzizira kwathu kuno kutakula, enerjiya, ndiye kuti magetsi, idapita masiku awiri. M'mawa wachiwiri ndidaipeza nsombayo itagona chammbali pansi pa tanke. Ndidatenga beseni kuti ndiichotse, isawafere akuona.

Kumbuyo kwanga ndidamva mawu olemera, otuluka movutikira: "Mayi... madzi... ofunda."

Beseni lidandipulumuka m'manja. Ndidathamangira pambaula ndikulira, ndidadzaza mabotolo ndi madzi ofunda n'kuwayandamitsa m'tankemo. Pofika masana nsomba idayamba kusambira.

Lero amuna anga amatchula mayina a ana athu onse, ngakhale pang'onopang'ono, ndipo ndikachedwa kusintha madzi amandikalipira. Kukalipako ndimakumva kukoma.

Inu amene mukudwazika matenda, musamangomusamalira wodwalayo. Mupatseninso kanthu koti naye azikasamala.