Malikisi Awiri a Nyenyezi Yofiira

Ine amene ndapondako ku Joni, Dar ndi Dubai ndi ndalama zanga za mtedza ndikukuuzani: kulibe kumene ngongole imabwezedwa msanga ngati pa siteji ya Namitete. Abambo awiri osadziwana ankadikira minibasi, wina akuonetsa mnzake foni.

"Taonani, achimwene, nyenyezi yofiira iyi ndinaijambula ndekha kwa Kabudula. Ili pa mpikisano wa zithunzi pa intaneti, kuvota kutha lero. Koma chitsiru china chodzitcha Katswiri Bilali chandipatsa malikisi awiri pa khumi."

"Chati chavuta n'chiyani?"

"Akuti ndi getsi la pa nsanja ya mafoni."

"Nsanje basi. Nyenyezi yamwayi, eti, yokhala ndi makwerero pansi pake."

"Imeneyo ndi mitengo!"

"Yachitsulo. Ndipo jenereta ikatha mafuta, nyenyezi yanu imapumako."

"Kodi inu mwadziwa bwanji?"

"Shopu yanga ili pansi pake. Bilali ndine."

"Ohoo! Ndiye chithunzi cha mwezi wonga chitumbuwa chopserera chija, chomwe chilinso pa mpikisanowu, n'chanu?"

Wojambula nyenyezi uja anadina foni yake kamodzi, kuvotera chithunzi cha Bilali.

"Landirani, akatswiri. Awiri anu aja ndabweza, osachotserapo."