Mphika wa Azakhali Unabwerera Wodzaza

Ine sindidziwa kukometsera mawu, ndiye mundipirire. Dzina langa ndine Limbani. Ambiri a inu mumandidziwa ngati mnyamata wosapereka moni uja, wokhala yekha kuseri kwa mabani a fodya. Ndine amene.

Sukulu ndinalekezera Fomu 3. Anthu amati unali ulesi. Sunali ulesi. M'mimba ndi mmene munandichotsa m'kalasi. Phunziro limodzi ndinkatuluka katatu, kanayi. Tsiku lina kuchimbudzi sindinafikeko. Anzanga anandipatsa dzina limene sinditchula m'nyumba ya Mulungu muno. Mawa lake sindinapitenso.

Kuyambira pamenepo ndinadana ndi aliyense. Ndinkamwa masese, ndikapeza kachasu ndinkamwanso. Munthu akaseka kutali ndinkati akuseka ine. Kutchalitchi kuno ndinasiya, chifukwa ulaliki ndi wautali ndipo chimbudzi chili poonekera.

Amene anandilera ndi azakhali anga, aNabanda, akhala kumbuyo uko. Bambo atamwalira, mayi anapita ku Joni osabwerako. Azakhali alibe mwana wawowawo. Salankhula zambiri. Chikondi chawo chimathera m'mbale. Mukudziwa nonse kuti m'komboni muno maliro kapena ukwati sizinkachitika popanda nyemba za aNabanda, zothira tsabola wawo uja. Ndikaonda ankandiwonjezera. Nyemba, kabichi, mutakura wa chimanga ndi mtedza, mkaka wowawasa. Ndikaondabe ankawonjezeranso.

Nditayamba kuona magazi ochuluka kuchimbudzi ndinakwera kombi pa Macheke ndekha, osauza munthu, kupita kuchipatala chachikulu cha m'tauni. Ndinapitako maulendo angapo. Pomaliza adokotala anati matumbo anga aakulu ndi otupa ndipo ali ndi zilonda. Dzina la matendawa amati kolaitisi. Anati sikuti ndinadya choipa ayi, ndipo sapatsirana. Amagona, n'kudzuka, n'kugonanso. Anandipatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse.

Nesi wina wachikulire anandikhazika pansi. Anati chakudya sindicho chimayambitsa matendawa, koma akadzuka pali zina zimene zimakanda zilondazo. Anatchula mowa, tsabola, zokazinga m'mafuta ambiri, nyemba, kabichi, chimanga chamaso, chimanga chokazinga chija timati maputi, mtedza, zipatso zanthanga ngati magwafa, zakumwa za gasi, ndi mkaka kwa anthu ena. Anati mimba sizifanana, ndizilemba chimene ndadya ndi zimene zachitika pambuyo pake.

Ndinaseka mowawidwa. Mayiyo anali atawerenga mbale ya azakhali anga yonse.

Apa ndiye pali tchimo langa. Kunyumba sindinanene kanthu. Kuti ndifotokoze za nyemba ndinayenera kufotokoza za magazi, za kabudula amene ndinkachapa mobisa, zonse. Ndinaona kuti bola kufa. Ndinangoyamba kukankha mbale. Azakhali akafunsa ndinkati sindikufuna, basi. Ndinapeza chitini, n'kumakaphika phala loyera ndi mazira kuseri kwa bani. Kenako ndinasamukira komweko.

Inu mukudziwa mmene timakhalira. Munthu akakana chakudya paliponse timati wadwala. Koma akakana cha nyumba imodzi, n'kumadziphikira yekha pambali, wanena mawu ngakhale pakamwa ali chete. Wanena kuti m'mbalemo muli kanthu.

Nkhani inayambira pampopi. Akuti mwana wazindikira. Akuti mayi wosabereka uja wamudyetsa zinthu, taonani mmene wathera. Ine ndinamva. Tsiku lina tikusankha fodya mushedi, mnzanga wina anandinong'oneza kuti, "Wachita bwino kuthawa, mphwanga. Akanakumaliza." Ndinangopitiriza kusankha fodya. Ndikuuzeni zoona, mumtima ndinapepukidwa. Kulodzedwa kuli ndi ulemu wake. Anthu amakumvera chisoni. Wodziyipitsira samumvera chisoni, amamuseka.

Ndinagula ulemu wanga ndi dzina la azakhali anga. Miyezi isanu ndi itatu.

Ana anasiya kusewera pakhomo pawo. Amayi obwereka mchere anasiya kubwera. Ine kubani kuja ndinali ndekha, iwo kunyumba anali okha, pakati pathu mtunda wosakwana kuyenda mphindi zisanu. Mapiritsi atatha sindinakatenge ena. Ndinabwerera ku mowa umene ndinali nditasiya.

Kenako kunagwa maliro a agogo aja a kumzere wakumunsi. Azakhali anaphika monga mwa masiku onse. Ananyamula mphika wawo waukulu pamutu, kukautula pamene amayi amagawira chakudya. Ine ndinali pansi pa bulugamu, ndikuona. Mbale zinazungulira, za amuna, za adzukulu okumba manda, za alendo. Mphika wa azakhali palibe anauvundukula. Palibenso amene anawanyoza. Ankangoulambalala ngati chitsa.

Anthu atayamba kubalalika, azakhali anapinda nkhata yawo, n'kuwerama kuti asenze. Mphika wodzaza munthu sasenza yekha. Anayesa kawiri. Palibe anadzuka.

Ndinadzuka ndine. Koma m'malo moti ndilankhule, ndinachita zopusa. Ndinatenga mbale, kuidzaza nyemba zija ndi tsabola wake, n'kudya anthu akuona. Ndinawonjezera yachiwiri. Ndinkati akaona ndikudya nkhani itha, ine osaulula kanthu.

Matenda anali atadzuka kale, mankhwala ndinali nditasiya, mowa unali m'thupi. Pofika tsiku lachitatu sindinkatha kuima. Ananditengera kumsewu pa ngolo. Ndiye taganizani zimene komboni inanena. Wadya kamodzi kokha, taonani. Ena anapita kwa foromani kukapempha kuti azakhali achoke papulazi pano. Achoke apite kuti? Agogo athu anachokera ku Dedza, ku Malawi, kudzagwira ntchito m'dziko lino, koma azakhali anabadwira m'komboni muno. Ku Malawi sanapondeko. Kwawo ndi kachipinda kaja.

M'chipatala ndinagona masabata awiri. Nthawi yoona odwala ikakwana, bedi lililonse linkazunguliridwa ndi anthu. Ine ndinkatembenukira kukhoma. Amene ndinkamwa nawo sanabwere. Amene ankandimvera chisoni pampopi sanabwerenso.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinamva munthu waima kumiyendo kwanga. Anali azakhali, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, m'manja muli kakontena. Ndinamva pambuyo pake kuti anayamba afunsa nesi chimene ndingadye, n'kukapempha moto kwa mayi wina wogulitsa panja pa geti. Linali phala loyera, lopanda kanthu.

Sanandipatse. Anatsegula, anatapa ndi supuni, n'kudya okha. Anatapanso, n'kumeza ine ndikuona. Kenako anati, "Waona, mwanangu? Mulibe kanthu. Idya pang'ono."

Abale, munthu amene anandisambitsa ndili khanda ankalawa chakudya pamaso panga kuti ndisaope. Nawonso ankaganiza kuti ndimawakayikira. Miyezi yonse ija ankakhulupirira kuti mwana wawo amawayesa mfiti, koma anakwerabe kombi.

Ndinafunda bulangeti kumutu. Kupemphera ndinali nditaiwala. Ndinangoti, Yesu, ndine wabodza, ndatopa. Sindinaone kuwala, sindinamve mawu. Koma manyazi amene ndinawasenza kuyambira Fomu 3 anatsika, ngati mmene umatulira bero la fodya. Ndinavundukula bulangeti, n'kuwauza azakhali zonse, ndi za kabudula zomwe. Anangoti, "Nanga matewera ako ankachapa ndani?"

Ndiye lero ndinene pamaso panu, poti ndinakhala chete pamaso panu. Azakhali anga sanandidyetse kanthu. Ndili ndi matenda a m'matumbo. Akadzuka ndimapita kuchimbudzi kakhumi pa tsiku, ndi magazi omwe. Amene akufuna kuseka aseke, ndamva kale zoposa pamenepo.

Sindinama kuti ndachira. Mapiritsi ndikumwa, ndipo ndizimwabe. Mowa ndinasiya. Tsabola, maputi ndi mutakura sindikhudza. Kabichi ndi nyemba zimandipweteka. Mkaka wowawasa ine sundivuta, ngakhale wina wa m'wodi mwathu unkamugwetsa. Matenda akadzuka ndimadya phala, mpunga, nthochi zakupsa, dzungu, nkhuku yowiritsa. Kabuku kolembamo zakudya amasunga ndi azakhali. Kuwerenga sadziwa, koma amakumbukira kuposa kabukuko.

Chimene Ambuye anandichiritsa ndi china. Anandichotsa kuseri kwa bani. Anandibwezera kunyumba kumene ndinanyoza, ndipo chitseko ndinachipeza chosatseka. Dzina lake litamandike. Ine sindinali woyenera.

Ngati pali wina muno amene akubisa matenda chifukwa cha manyazi, pita kuchipatala, ndipo uuze wako mmodzi. Kukhala chete kwako kuli ndi amene akukulipirira. Bwera kwa Yesu ndi zonyansa zako zomwezo. Iye sanyansidwa.

Kwa enanu, pempho langa ndi limodzi. Azakhali anadzuka m'mamawa kuphika. Mphika uja uli panja, pansi pa mtengo wa mango, wodzaza. Ine nyembazo sindidya, ndipo tsopano mukudziwa chifukwa chake. Ndikhala pambali pawo ndi mpunga wanga, wophika iwo omwe.

Mbale zilipo zokwanira. Tikatuluka muno, ndiona amene ayambe kuvundukula.

Amen.