Mawu Atatu a Bambo Anga Kukiliniki

Akuwailesi, ndikulemba kuchokera ku Wattville, kuno ku Joni. Bambo anga amasamalira maluwa ku Kempton Park. Atayamba kuiwalaiwala makiyi, abale anati asiye ntchito, tiwakweze basi azipita kumudzi. Ndinawakalipira onsewo, n'kupita nawo bambo kukiliniki.

Namwino anawapatsa mawu atatu oti asunge m'mutu, ine ndikumasulira. Atawafunsanso patapita kanthawi, bambo anazengereza. Ndinalephera kuugwira mtima, ndinawanong'oneza mawuwo m'Chichewa poti namwinoyo sachimva.

"Iwe, mutu ukuyezedwawu ndi wako?" anatero bambo. Kenako anandineneza kwa namwino m'Chizulu chawo chothyokathyoka, n'kupempha mawu ena.

Ndinatulutsidwa panja, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Mawu atsopanowo, atatu onse, bambo anawakumbukira okha. Inu munkanena za basi, mvetserani: Lolemba bambo akubwerera kumaluwa awo.